Wophunzira Wachikhumi wa a Tenson

A Tenson Nkhoma ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndifunira. Ndipo ndiwanena, chifukwa mtima wanga sunatsikebe. Munthu ameneyu ndi mphunzitsi wa masamu a malonda, koma moyo wake wonse sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato. Ine Nelesi, amene ndimadyera kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika wa Chongwe, ndakhala ndikuwakumbutsa zimenezi kwa zaka zambiri. Iwo amangoseka, n'kukankhira m'mwamba magalasi awo omangidwa ndi waya mbali imodzi.

Tonse tinabadwira ku Katete. Makolo athu anasamukira kuno tili ana, kutsata minda. A Tenson anali mwana uja woti ukamutuma kuchigayo amabwerako ndi mlandu, atakangana ndi wachigayo kuti ufa wachepa poyerekeza ndi chimanga chimene anapereka. Atamaliza sukulu anapeza ntchito yoyeza chimanga pa depoti ya kopaletivi ina, ndipo kumeneko ndi kumene kunawalowa chinthu chimene sichinawatuluke mpaka lero. Ankaona mlimi akubwera ndi ngolo yodzaza, n'kubwerera akumwetulira ndalama zili m'thumba, osadziwa kuti akachotsa feteleza, mbewu, aganyu ndi ngolo yobwereka ija, walima ulere chaka chonse. Ankati zimenezo zimawapweteka kuposa kuona munthu akuberedwa, chifukwa woberedwa amadziwa kuti waberedwa ndipo amakuwa.

Kopaletivi itagwa anakachita maphunziro a uphunzitsi, n'kuyamba kuphunzitsa m'timasukulu ta anthu wamba apa ndi apo, ntchito zija zotha msanga ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri. Ya boma anaifunsira mpaka anatopa, dzina lawo silinatulukepo. Anakwatira Ednah, mkazi wofatsa amene pambuyo pake anadzagwidwa ndi matenda a shuga, ndipo ali ndi ana atatu. Nyumba ndi ya lendi. Munda wa makolo unagawanidwa ndi abale awo iwo ali kalikiliki ndi choko.

Imvi zitayamba kutuluka ndi pamene anapeza malo pa kakoleji kena ka munthu wamba pa boma pano, kuseri kwa mashopu. Ndikati koleji musaganize za yunivesite ya Chalimbana ndi nyumba zake zija. Ndi zipinda zinayi, mabenchi, ndi chikwangwani chachikulu kuposa chitseko. Mwini wake ndi a Norbert, munthu amene si woipa mtima, kungoti masamu ake amathera pa kuwerenga mitu ya anthu olipira. Komabe kwa a Tenson malo amenewo anali kumwamba. Kwa nthawi yoyamba anali ndi kalasi yophunzitsa chinthu chimene anabadwira.

Kaphunzitsidwe kawo kanali ka iwo okha. Buku la masamu a malonda, lodzaza ndi zitsanzo za makampani akunja, ankalisiya m'chikwama. Tsiku loyamba ankafunsa wophunzira aliyense kuti kwawo amadyera chiyani. Wina nkhuku, wina makala, wina zovala zakaunjika za salaula, wina kabokosi kotumizira ndalama pafoni. Chimene watchulacho ndiye chinkakhala buku lako mpaka kozi kutha. Peresenti unkaiphunzirira pa nkhuku za mayi ako, chiwongoladzanja pa ngongole ya feteleza ya bambo ako. Ndipo ankaumirira chinthu chimodzi mpaka kutopetsa, kuti uziwerengera zonse: thiransipoti, pulasitiki yokulungira, tomato woola, mbasela ija timaonjezera wogula, ngakhale tsiku lako limene wakhala padzuwa. Ineyo anandiwerengera mbasela yanga ya mwezi wathunthu osawapempha, ndipo ndinawakwiyira mpaka Ednah anachita kudzatiyanjanitsa.

Ana ankawakonda, nawonso ntchitoyo ankaikonda mochititsa manyazi. Malipiro ake anali oti ukalipira lendi ndi kugula mankhwala a Ednah, zotsala zimakwana m'chikhatho cha mwana. Koma m'mawa uliwonse ankadutsa pamsika atamanga tayi, nsapato zili waliwali, ngati akupita kukatsegula banki.

Kenako chinabwera chilala cha 2024. Sindifunika kufotokoza zambiri, tonse tinaliko. Mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula, n'kuuma chili chiimire. Mtsinje wa Chongwe unatsala zithaphwi. Magetsi ankapita usanadzuke n'kubwera utaiwala kuti alipo. Makolo a ophunzira a a Tenson ambiri ndi alimi, ndipo munthu amene alibe ufa m'nyumba saganiza za satifiketi. Kalasi imene inali ndi anthu opitirira makumi awiri inayamba kuthothoka ngati nkhuku ya chitopa. Temu yotsatira itatsegulidwa, anabwera asanu ndi anayi okha.

A Norbert anawaitanira mu ofesi Lolemba lomwelo.

“Ba Nkhoma, imwe ndimwe ba masamu, sinifunika kukamba vambili,” anatero. “Rumu nilipila. Malaiti nilipila olo kulibe malaiti. Kilasi yamene ilibe bantu teni niluza. Bakakwana teni pa Chisanu, tipitiliza. Bakapanda kukwana, niika ba makompyuta mu rumu yanu, aba naini nibapeleka ku makozi ena.”

A Tenson anapempha kuti awadule malipiro. A Norbert anapukusa mutu, nati malipirowo ndi ochepa kale, ngakhale atawadula pakati sizingatseke dzenjelo. Chimene ankafuna ndi mutu wachikhumi, wolipira.

Munthu mmodzi. Ndiye chimene chinatsala pakati pa msuweni wanga ndi msewu. Ndipo musaiwale kuti anali atapitirira zaka makumi asanu kalekale, zaka zoti ukapita kukafunsa ntchito amakupatsa mpando mwaulemu n'kukuperekeza pakhomo mwaulemu womwewo.

Mlungu umenewo ndinaona a Tenson akuchita zinthu zimene sindinkaganiza kuti angachite. Anaimbira foni aliyense amene anasiya, mpaka ndalama za m'foni zinatha, n'kudzabwereka yanga. Wina anali ku Lusaka, akugwira ntchito ya m'nyumba. Wina anali kutchire akuotcha makala. Wina anali atakwatiwa, ndipo mwamuna wake ndi amene anayankha, mosakoma. Anayenda wapansi m'makomboni, tayi ili m'khosi, kugogoda pamakomo a anthu. Anaima pasiteji ya maminibasi kumafunsa anyamata oitanira ngati alipo amene ali ndi satifiketi ya giredi thwelofu. Anawaseka.

Lachitatu anafika pabenchi langa nkhope itagwa, milomo itauma.

“Nelesi, lembesa iwe,” anatero.

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zathu za chisuweni. “Imwe asuweni, ine wa giredi seveni? Nizankala pa benchi na bana bamene ninabaona bali kumbuyo?”

Iwo sanaseke. Anangondiyang'ana, ndipo ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Ndinawagulira madzi ndi banzi. Anadya ataimirira. Anandiuza kuti mankhwala a Ednah atsala a masiku owerengeka, ndipo Ednahyo sanamuuze kalikonse za a Norbert, kuopa kuti shuga angakwere.

Panatsala dzina limodzi, la Dyness. Mtsikana ameneyu ndi wa ku Kanakantapa, ndipo anali wophunzira wawo wanzeru kuposa onse. A Tenson ankamutchula pafupipafupi mpaka ana awo enieni ankachita nsanje. Foni yake inali yotseka. Ine ku Kanakantapa ndimapitako kukaoda repu ndi tomato, ndipo mayi ake a Dyness, a Fridah, ndimawadziwa. Ndinati tipite limodzi m'mawa wa Lachinayi.

Tinakwera minibasi, n'kutsika, n'kuyenda wapansi mumsewu wafumbi dzuwa likuswa mtengo. Minda yonse inali mapesi okhaokha ofiira. Pofika nsapato za a Tenson zinali zitasanduka mtundu wa dothi. Tinawapeza kudimba, kumunsi kwa nyumba. Anali atakumba chitsime pakati pa dambo louma, chakuya moti munthu ankatsika ndi makwerero a mitengo. Dyness anali pansi akutunga, mayi ake pamwamba akulandira ndowa. Mozungulira munali mabedi a repu ndi tomato obiriwira, chinthu chokhacho chamoyo dera lonselo. Chapatali, pamthunzi, panali ng'ombe imodzi yoonda. Inzake inali itafa. Bambo ake a Dyness anamwalira kale, ndipo ena onse pakhomopo ndi ana aang'ono.

A Fridah atationa anataya ndowa n'kuyamba kuombera m'manja.

“Mulungu ayanka! Ba ticha, mwachita bwino kubwela. Uyu mwana anilemesa. Nakamba naye nalema. Nifuna kugulisa ng'ombe ayende ku sukulu, akana. Ati masamu yakana. Masamu ni bandani kuti yakane mwana wanga kupunzila?”

Mtima wanga unadumpha. Mayi akufuna, ndalama ilipo yoimirira ndi miyendo inayi pamthunzi apo, chatsala n'chiyani? Ndinatsinzinira a Tenson. Iwo sanandione, ankayang'ana Dyness amene anali atatuluka m'chitsime, matope mpaka m'mawondo.

“Dyness, mwana wanga, chavuta ni chani?”

“Ni nchito ija munatipasa, ba ticha,” anayankha, maso ali pansi. “Naichita.”

Potseka temu yapitayo a Tenson anali atapereka ntchito yokachitira kunyumba, monga mwa chizolowezi chawo. Aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene chimadya ndalama pakhomo pawo, awerengere zonse, aone ngati chimabweza, ndipo chidzabweza liti. Anzake anasankha nkhumba, njinga yamoto, firiji. Dyness anadzisankha yekha.

Anatitengera kuseri kwa khitchini. Pakhoma lonse panali manambala olembedwa ndi khala, m'mizere yoongoka bwino, chifukwa mapepala anali atatha. Anayamba kufotokoza monga amachitira m'kalasi, mawu ake osanjenjemera. Mbali ino fizi ya chaka chotsala. Kachipinda ka lendi pa boma, chakudya, thiransipoti. Pansi pake mabedi amene amauma iye akachoka, popeza mayi ake sangatsike m'chitsime ndi kulandira ndowa nthawi imodzi, ndipo waganyu amafuna kulipidwa. Kenako mtengo wobwereka ng'ombe za eni mvula ikadzagwa, yawo itagulitsidwa. Mbali inayo anaika malipiro a anthu amene anamaliza kozi yomweyo. Sanachite kupeka, anawafunsa mmodzimmodzi. Ambiri ali m'timabokosi totumizira ndalama, ena angokhala. Anawerengeranso mwayi woti iyeyo angapeze ntchito yabwinopo, n'kuupatsa peresenti yake, mosadzinyengerera.

Yankho linali pansi, atalitsekera m'bokosi. Ndalama ya ng'ombeyo ikanadzabwerera azing'ono a Dyness atakula kale, ndipo chaka chino chokha banjalo silikanafika pa kukolola lisanayambe kugona ndi njala.

“Ba ticha, nifuna sukulu,” anatero Dyness, ndipo apa mawu anayamba kugwedera. “Nimaifuna maningi. Nabwezapo kambili kuti kapena nizapeza penango. Onani imwe. Mukapeza pamene nalakwisa, mailo m'mawa nibwela.”

A Fridah anagwira a Tenson padzanja. “Muuzeni chabe kuti alakwisa. Ndimwe mweka amamvela. Kambani chabe, ine ng'ombe nigulisa lelo.”

Ine sindinathe kupirira. “Dyness, iwe uziba kuti ba ticha bako pa Chisanu...”

“Nelesi, khala chete!”

Chibadwire a Tenson anali asanandikalipirepo choncho. Ndinatseka pakamwa. Mawu amodzi okha ndiwo ankafunika. Akanangoloza nambala iliyonse n'kunena kuti apa sipali bwino, ndani akanawatsutsa? Mayi ake sadziwa kuwerenga, ine manambala a pakhoma ndimaona ngati nyerere, ndipo mtsikanayo ankawakhulupirira kuposa m'busa.

Anapukuta magalasi ndi tayi, n'kuyamba pamwamba. Chala chinkayenda mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka kolala inanyowa. Atafika pansi anabwerera pamwamba. Anafunsa mtengo wa repu, Dyness anayankha, ine ndinavomera ndi mutu monyinyirika chifukwa unali woona. Anafunsa za waganyu, anafunsa za lendi. Ankafufuza ngati munthu amene wataya ndalama mumchenga. 

Kenako chala chinaima.

“Apa walakwisa,” anatero.

Ndinatsala pang'ono kululutira. A Fridah anakweza manja kumwamba. Dyness anasendera pafupi, maso ali mwaa, ndipo ndinaona kuti nayenso ankafuna ndi mtima wonse kuti akhale atalakwitsa.

A Tenson anatola khala pansi. Anaima nalo m'manja kwa kanthawi ndithu, akuyang'ana khomalo.

“Waiwala ndalama ya mayeso,” anatero, mawu ali pansi. “Kumapeto kwa chaka kuli ndalama ya mayeso. Sunaikepo.”

Anailemba okha mbali ya zotuluka, n'kuonkhetsanso, n'kufufuta yankho la m'bokosi ndi chikhatho, n'kulemba lina loipa kuposa loyamba lija. Atatero anaika khala pansi bwinobwino ngati lingasweke.

“Kwina konse kuli bwino. Amai, ng'ombe osagulisa. Mwana akamba zoona. Chaka chino ankale pano, muthilile dimba. Mvula ikabwela bwino, muzaonanso.”

A Fridah anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, akunena kuti anayembekeza thandizo koma alandira chipongwe. Dyness anagwada, nathokoza aphunzitsi ake misozi ili mbwembwembwe, nalonjeza kuti zinthu zikadzakhala bwino adzabwerera m'kalasi mwawo. A Tenson anangogwedeza mutu. Sanamuuze kuti kalasiyo sidzakhalapo. Repu sindinaode tsiku limenelo, ndinaiwala chimene ndinapitira.

Titangokhotera mumsewu waukulu wafumbi ndinawatsanulira zonse.

“Imwe ndimwe bantu ba bwanji? Mulungu akupasani pa mbale, imwe mwataya! Ng'ombe ni yanu? Amai bake benze kufuna, mwana enze kufuna. Nanga bana banu bazadya ma peresenti? Ednah muzamuuza chani? Mankwala muzagula na chani, na tayi?”

Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza munthu wamkulu, msuweni kapena ayi. Iwo ankangoyenda, dzanja lakuda ndi khala lili lende. Kenako foni yawo inalira. Anali a Norbert, ndipo mawu ankamveka mpaka kwa ine.

“Shani ba Nkhoma, mwamupeza?”

“Namupeza.”

“Abwela?”

“Sabwela.”

Anabweza foni m'thumba. Tinakhala pamwala kudikira minibasi, fumbi likutiwaza. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndipo ndinayang'ana kumbali, chifukwa mwamuna wa zaka zimenezo akamalira sufuna kuti adziwe kuti wamuona. Ukali wanga unasanduka mantha. Ndinayamba kuwerengera m'mutu kuti pabenchi langa pangatuluke zingati zothandizira mankhwala a Ednah, ndipo zinali zochepa zomvetsa chisoni.

Lachisanu anaphunzitsa asanu ndi anayi aja phunziro lomaliza, n'kutsanzikana nawo. Mlungu wotsatira m'chipinda mwawo munalowa makompyuta. Ednah anamva nkhaniyo ali chikhalire pamphasa, ndipo anangofunsa ngati eni nyumba awauza kale. Banjalo linasamukira m'kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa komboni. Mwana wawo wamkulu anasiya kaye sukulu. Mankhwala timachita kusonkherana pachibale, mwezi wina amakwana, mwezi wina Ednah amadumphitsa masiku osatiuza.

A Tenson akufunabe ntchito. Amakwera minibasi ya ku Lusaka akapeza ya thiransipoti, n'kubwerako madzulo atatopa, atapatsidwa mpando mwaulemu m'maofesi angapo. Masiku ena amaphunzitsa ana a giredi naini pakhonde, makolo awo n'kulipira ndi chimene ali nacho, nthawi zambiri mawu okoma. Aonda, ndipo kuseka kuja kunachepa.

Ine mkwiyo umandibwererabe, makamaka ndikapita kukamuona Ednah n'kumupeza atagona masana, miyendo itatupa. Tsiku lina posachedwapa ndinawapeza a Tenson atakhala panja okha, ndipo ndinalephera kudzigwira. Sindinakalipe ulendo uno, ndinangofunsa.

“Asuweni, nikufunseni. Pa chipupa paja, simunaganizeko za Ednah olo pang'ono?”

Anayang'ana chitseko cha chipinda chimene mkazi wawo anagona.

“Ninamuganiza pa laini iliyonse,” anatero. “Nelesi, ninasakila. Mulungu aziba mwamene nenze kufunila kuti uja mwana alakwise. Manje ninamupunzisa neka.”